Mngerezi Ndi Ndani? Kusiyana kwa "English" ndi "British" Komwe Kumazunguza Ngakhale Eni Ake

Kumayambiriro kwa 2025 ku Britain kunabuka mkangano umene munthu wa kuno akaumva amayamba wafunsa kaye kuti, "Kodi vuto lili pati?" Nkhani yake inali ya Rishi Sunak, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2022 mpaka 2024. Mkulu wina wotchuka pa mapulogalamu a pa intaneti ananena kuti Sunak ndi "British" ndithu, koma si "English". Sunak anabadwira mumzinda wa Southampton mu 1980, kwa makolo achimwenye obadwira ku Kenya ndi ku Tanzania. Iye anayankha kuti ndi Mngerezi, poti anabadwira komweko nkukulira komweko. Koma Suella Braverman, mnzake wa m'chipani cha Conservative pa nthawiyo, amenenso makolo ake ndi achimwenye ndipo anabadwira ku London, analemba m'nyuzipepala kuti amanyadira kukhala "British" koma sadzitcha "English".

Chichewa chathu sichitithandiza pa nkhaniyi. Onse timangowati Angerezi, dziko lonse nkumaliti ku Mangalande. Ngakhale David Livingstone ambiri tinakula tikumuyesa Mngerezi, pomwe kwawo kunali ku Blantyre ya ku Scotland. Amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 analinso a ku Scotland. Ochokera ku England anali aja a Anglican a ku Likoma. Munthu wa ku Glasgow mukamutcha Mngerezi amakukonzani pomwepo, monga angachitire Mtumbuka mutamutcha Mchewa chabe chifukwa wakuyankhani moni m'Chichewa.

Maiko anayi, pasipoti imodzi

Dziko limene lili ndi mpando ku United Nations ndi United Kingdom, mwachidule UK. M'kati mwake muli maiko anayi: England, yomwe ili ndi anthu oposa 56 miliyoni, Scotland ya anthu pafupifupi 5 miliyoni ndi theka, Wales ya anthu 3 miliyoni, ndi Northern Ireland yomwe anthu ake sakwana 2 miliyoni. Mwa anthu 100 aliwonse a mu UK, 84 amakhala ku England. Sungani nambala imeneyi, chifukwa chisokonezo chambiri chimachokera pamenepa. Great Britain ndi dzina la chilumba chachikulu chomwe pali England, Scotland ndi Wales. Northern Ireland ili pa chilumba china.

"British" ndi mawu a lamulo. Ndi amene amalembedwa m'pasipoti ya aliyense, kaya wa ku Cardiff, ku Edinburgh kapena ku Leeds. Namwino wochokera ku Zomba akakhalako zaka zokwanira, nakhoza mayeso a unzika, nalumbira pa mwambo wake, amatuluka m'holomo ali British, ndipo palibe woweruza angamuike pansi pa wobadwira komweko.

"English" alibe ofesi. Kulibe pasipoti ya England, kulibe chiphaso cha Ungerezi, kulibenso lamulo lofotokoza amene ali Mngerezi ndi amene sali. Mawu amodziwa amasenza katundu mutatu. Wina akawatchula amatanthauza malo: munthu wobadwira kapena wokulira ku England. Wina amatanthauza mtundu: munthu amene makolo ake akhala m'dzikomo mibadwomibadwo. Winanso amatanthauza za mumtima: kumene munthu amadziona kuti nkwawo, timu imene amachemerera, nthabwala zimene amaseka. Pa mkangano wa Sunak uja, wina ankanena za mtundu, mnzake akuyankha za malo.

Mayinawa anachokera kuti?

Chodabwitsa nchakuti dzina la Britain ndi lakale kuposa la England. Aroma atalanda chilumbachi m'chaka cha 43 anachitcha Britannia, ndipo anthu amene anawapezapo ankalankhula chinenero chomwe mdzukulu wake ndi chimene chimalankhulidwa ku Wales lero. Aroma atachoka cha m'ma 410, kunayamba kufika magulu a anthu owoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark: a Angles, a Saxons ndi a Jutes. England amatanthauza "dziko la a Angles", ndipo Chingerezi chinabwera m'maboti awo.

Sanabwere ngati mtundu umodzi wa mfumu imodzi. Anakhazikitsa maufumu osiyanasiyana monga Wessex, Mercia, Northumbria, Kent ndi East Anglia, omwe ankathirana nkhondo kawirikawiri. Mapazi awo akuonekabe pa mapu. Sussex ndi "a Saxons akummwera", Essex ndi "a Saxons akummawa", Norfolk ndi "anthu akumpoto", Suffolk "anthu akummwera". Eni nthaka amene anawapeza anawatcha ndi mawu otanthauza "alendo", ndipo mawuwo ndi amene anabala dzina loti Wales. Taonani, munthu kufika dzulo nkuyamba kutcha mwini mudzi kuti obwera! A ku Wales eni ake amadzitcha Cymry.

Kenako kunabwera a Viking a ku Denmark ndi Norway. Anaukira nyumba ya amonke ya Lindisfarne mu 793, nalanda mzinda wa York mu 866, nakhazikika kumpoto ndi kummawa. Matauni a mayina othera ndi "by", monga Derby, Grimsby ndi Whitby, ndi chizindikiro chawo. England inakhala ufumu umodzi mu 927 pansi pa mfumu Athelstan. Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anapambana nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka mazana angapo mabwana a dzikolo ankalankhula Chifalansa. Ndiye chifukwa chake ng'ombe ikakhala kubusa ndi "cow", mawu a Chingerezi cha oweta, koma ikafika pambale imasanduka "beef", mawu ochokera ku Chifalansa cha odya.

Britain ngati boma ndi wa dzana. Wales inalumikizidwa ku England ndi malamulo a 1535 ndi 1542. Mu 1603 mfumu James ya ku Scotland inalowanso ufumu wa England, koma maiko awiriwa anakhalabe ndi nyumba za malamulo zosiyana mpaka 1707, pamene anagwirizana zokhala ufumu umodzi wa Great Britain. Ireland inalowa mu 1801, ndipo gawo lake lalikulu linatuluka mu 1922, nkutsala la kumpoto lija. Dzina lakale la Aroma linafukulidwa kuti likhale denga la onse, ndipo linakula limodzi ndi utsamunda: msilikali, wamalonda ndi mmishonale wa ku Scotland ankapita ku India kapena ku Nyasaland ngati British.

Kwa munthu wa ku Scotland zovala zinali ziwiri zooneka bwino, malaya akwawo mkati ndi jekete la Britain pamwamba. Dziko lake linasunga makhoti ake, mpingo wake ndi sukulu zake. Kwa wa ku England zovala ziwirizi zinasokedwa pamodzi. Nyumba ya malamulo ya UK inali ku London komwe kunali ya England kale, mfumu inali komweko, chinenero chinali chake. Kwa zaka zambiri Angerezi ankati "England" akutanthauza Britain yense osaona cholakwika, zomwe anansi awo zinkawanyansa.

Nanga magazi akuti chiyani?

Amene amati Ungerezi ndi mtundu amaloza kwa makolo, ndipo masiku ano makolo amayezedwa ndi DNA. Awa ndi malangizo obisika m'maselo a thupi, omwe timalandira theka kwa mayi theka kwa bambo, ndipo amasunga zizindikiro za kumene makolo akutali anachokera.

Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu pafupifupi 2,000 akumidzi, osankhidwa chifukwa agogo awo onse anayi anabadwira dera limodzi. Anapeza kuti anthu a pakati ndi kummwera kwa England amafanana kwambiri, koma gawo lochokera kwa a Angles ndi a Saxons silikwana theka. Anati lili pakati pa 10 ndi 40 pa 100. Lotsalalo ndi la anthu amene analipo kale ndi ena obwera nthawi zina. Anapezanso kuti anthu a ku Cornwall ndi a ku Devon, maboma oyandikana, amasiyanitsika, ndipo malire ake amatsata pafupifupi mtsinje wa Tamar womwe umawagawa. Kafukufuku wina wa 2022, wopima mafupa a m'manda akale, anasonyeza kuti obwera m'maboti aja anali ambiri ndithu, amuna ndi akazi omwe, makamaka kummawa, ndipo anakwatirana ndi amene anawapeza.

Mukabwerera m'mbuyo kwambiri nkhani imasinthanso. Mafupa a munthu wina amene anakhalako zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, opezeka m'phanga ku Cheddar mu 1903, atapimidwa mu 2018 anasonyeza kuti ayenera kuti anali wa khungu loderapo ndi maso owala ngati a buluu. Ndipo zaka pafupifupi 4,500 zapitazo kunafika anthu ena ochokera kutsidya kwa nyanja, ku maiko ena a ku Ulaya, amene analowa m'malo mwa ambiri a amene analipo.

Mbali zonse ziwiri zimapezamo chogwira. Wina amati, mwaona, pali anthu amene mizu yawo ndi ya zaka zoposa 1,000 m'dera limodzi. Winayo amati, mwaona, ngakhale amenewo ndi osakanikirana. Zonse nzoona. Chimene makina sangachite ndi kunena chaka chimene mlendo amasiya kukhala mlendo. Apulotesitanti othawa ku France atatha 1685 ndi anthu a ku Ireland othawa njala ya m'ma 1840 ankaonedwa ngati obwera pa nthawi yawo, koma zidzukulu zawo palibe amazifunsa lero.

Kwanu nkuti?

Apa ndi pamene nkhani imakoma, chifukwa Angerezi ambiri mukawafunsa kwawo sayamba ndi England kapena Britain. Amayamba ndi tauni kapena boma lawo. Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Wa ku Newcastle ndi Geordie, wa ku Sunderland, mtunda wosakwana makilomita 20 kuchoka pamenepo, ndi Mackem, ndipo musayerekeze kuwasokoneza. Wa ku Birmingham ndi Brummie, wa kummawa kwa London ndi Cockney, wa ku Liverpool ndi Scouser. Akangotsegula pakamwa anzawo adziwa kale kwawo, nthawi zina mpaka mbali ya mzinda, monga timazindikirira wa ku Nsanje kapena wa ku Nkhotakota asanamalize chiganizo.

Kusiyanaku kumafika mpaka kukhitchini. Kabanzi kozungulira kamene mumaikamo soseji, ku Nottingham ndi "cob", ku Manchester ndi "barm", kwina ndi "bap". Kumpoto mabanja ambiri chakudya chamasana amachitcha "dinner" ndipo chamadzulo ndi "tea", moti mlendo woitanidwa ku "tea" amayembekeza kapu ya tiyi nkupeza mbale ya mbatatesi ndi nyama. Ku Devon sikono amaipaka kirimu kaye kenako jamu pamwamba. Ku Cornwall amayamba ndi jamu. Amakangana mosekaseka, koma palibe amagonja.

Ku Liverpool si zoseka ayi. Otsatira mpira munaonapo nsalu za ochemerera zonena kuti iwo ndi a Scouse, si Angerezi, ndipo munamva akukuwiza nyimbo ya fuko ku Wembley pa ndime yomaliza ya FA Cup mu 2022. Dzina la Scouse linachokera ku chakudya cha amalinyero, nyama yophikidwa pamodzi ndi mbatatesi. Mzindawu ndi doko, unadzala ndi anthu ochokera ku Ireland, ndipo nkhope yake inaloza kunyanja kusiyana ndi ku London. M'ma 1980, mu ulamuliro wa nduna yaikulu Margaret Thatcher, ntchito za padoko ndi m'mafakitale zinatha ndipo anthu ambiri anaona kuti boma lawataya. Kenako panachitika ngozi ya pa bwalo la Hillsborough mu 1989, yomwe inapha ochemerera timu ya Liverpool 97. Mlandu unakankhiridwa kwa ochemerera eni ake, ndipo zinatengera mabanja awo mpaka 2016 kuti bwalo lofufuza za imfa ligamule kuti sanali olakwa. Munthu wa ku Liverpool akamakana Ungerezi sakukamba za magazi. Akukamba za mabwana a kummwera.

Yorkshire ndi nkhani inanso. Derali lili ndi anthu ochuluka ngati a Scotland yense, lili ndi chizindikiro chake cha duwa loyera, ndiponso tsiku lake pa 1 August. Cornwall ndiye inapitirira: ili ndi chinenero chake chotchedwa Kernewek, chachibale ndi cha ku Wales, ili ndi mbendera yakuda ya mtanda woyera, ndipo mu 2014 boma la UK linavomereza anthu ake ngati mtundu waung'ono woyenera kutetezedwa. Pa mapu ndi boma limodzi mwa maboma a England, koma ena kumeneko akawoloka Tamar amati akupita ku England.

Kalembera anafunsa, mayankho nkutembenuka

Mu 2011 kalembera wa England ndi Wales anafunsa koyamba kuti munthu amadziona kuti ndi wa fuko liti. Anthu pafupifupi 58 pa 100 anachonga "English" yekha, ndipo 19 anachonga "British" yekha. Mu 2021 zinatembenuka: "British" yekha 55, "English" yekha 15. Kodi anthu mamiliyoni anasintha mtima m'zaka khumi? Ofesi yoona za kalembera inachenjeza yokha kuti mbali ina ya kusinthaku inachokera pa fomu. Mu 2011 bokosi la "English" linali pamwamba, pomwe mu 2021 ku England pamwamba panali la "British". Ine ndikuona kuti palibe umboni woposa uwu wosonyeza mmene zovala ziwiri zija zinasokedwera pamodzi: ambiri anachonga bokosi loyamba limene linawakwana, napitirira ku funso lotsatira.

Komabe pali kachitidwe kamene kamaoneka mobwerezabwereza. Achikulire ndi okhala m'matauni aang'ono amakonda kudzitcha English. Okhala ku London ndi amene makolo awo anachokera ku Caribbean, ku Asia kapena ku Africa amakonda British. Chifukwa chake nchomveka. Anthu a ku Caribbean amene anatsika sitima ya Empire Windrush mu 1948, kapena Amwenye amene Idi Amin anawathamangitsa ku Uganda mu 1972, ngakhalenso ochokera ku Malawi amene anakakhazikika ku Leicester m'zaka zomwezo, ubale wawo ndi dzikolo unadzera mu ufumu wa Britain ndi mapepala ake. Fomu ya kalembera nayo imakankhira komweko. Pa funso la mtundu, mawu oti "English" amapezeka pansi pa gulu la azungu, pomwe akuda ndi a ku Asia amapatsidwa "Black British" ndi "Asian British". Ku Wales mu 2021 anawonjezera "Black Welsh" ndi "Asian Welsh", koma ku England sikunakhale zofanana nazo.

Chifukwa chake nkhaniyi yatentha tsopano

Mu 1999 Scotland ndi Wales zinatsegula nyumba zawozawo za malamulo, ndipo Northern Ireland inapeza yake kudzera m'pangano la mtendere la 1998. England yokha ilibe. Zake zonse zimagamulidwa ku Westminster, kunyumba ya malamulo ya UK, kumene kumakhalanso aphungu a maiko enawo. Phungu wa ku Scotland akhoza kuvota pa za sukulu za ku England, koma wa ku England alibe mawu pa sukulu za ku Scotland. Vutoli anthu amalitcha funso la West Lothian, dzina la dera la phungu Tam Dalyell amene analidzutsa mu 1977. Mu 2015 anayesa dongosolo loti malamulo okhudza England yokha azivomerezedwa ndi aphungu a ku England, koma analithetsa mu 2021. Kugawa England m'zigawo nakonso kunakanika: mu 2004 anthu a kumpoto chakummawa anakana nyumba ya malamulo ya chigawo chawo ndi mavoti 78 pa 100. Ndipo nyumba ya malamulo ya England yonse ingakhale ngati mwana wamkulu kuposa bambo ake, poti ingaimire anthu 84 pa 100 aja.

Mavoti awiri anawonjezera moto. Mu 2014 Scotland inavota ngati ichoke mu UK, ndipo 55 pa 100 anati ikhalebe. Mu 2016, pa zotuluka mu European Union, England inavota 53 pa 100 kuti atuluke pomwe Scotland inavota 62 pa 100 kuti akhale. Ofufuza anapeza kuti odzitcha English kwambiri ndi amene ambiri anavotera kutuluka.

Mbendera nazo zimanena nkhani yomweyi. England itatenga chikho cha dziko lonse mu 1966, ochemerera ambiri ku Wembley ananyamula mbendera ya UK. Pofika mpikisano wa Euro mu 1996, yofala inali ya England yeniyeni, mtanda wofiira pa nsalu yoyera, ya George Woyera, woyera mtima amene amatengedwa ngati mtetezi wa England. Mpaka lero timu ya mpira ya England imaimba nyimbo ya fuko ya UK, pomwe Scotland ndi Wales zili ndi zawo, ndipo tsiku la George Woyera pa 23 April si la tchuthi. Mu 2025 mbendera za mtanda wofiira zinadzaza pa mitengo ya magetsi m'matauni ambiri. Ozipachika ankati nkunyadira kwawo basi. Ena ankaziona ngati chiopsezo kwa obwera, chifukwa magulu odana ndi alendo akhala akuigwiritsa ntchito mbendera yomweyo.

Amene amati Ungerezi ndi mtundu amafunsa kuti, ngati Myoruba kapena Mpunjabi amaloledwa kunena za makolo ake, bwanji Mngerezi asakhale ndi dzina la mtundu wake? Amawonjezera kuti "British" alipo kale ngati dzina la nzika zonse. Amene amati Ungerezi ndi wa aliyense wokulira m'dzikomo amayankha kuti mwana wobadwira ku London, wolankhula ngati wa ku London, wosadziwa kwina, mukamuuza kuti si Mngerezi ndiye kuti mwamusandutsa mlendo kwawo. Amaloza Bukayo Saka, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, amene amavala malaya a England mamiliyoni akumuchemerera, ngakhale kuti iye, Marcus Rashford ndi Jadon Sancho ananyozedwa chifukwa cha khungu ataphonya mapenate pa ndime yomaliza ya Euro mu July 2021. Pali gulu lachitatu, lalikulu ndithu, limene limaona mawuwa ngati a matanthauzo awiri oyendera limodzi osavutana.

Sunak uja anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Richmond ku North Yorkshire mu 2015, ndipo amakonda kiriketi. Mpaka 1992 timu ya kiriketi ya Yorkshire inkalola osewera obadwira m'malire a Yorkshire okha, ndipo mlendo woyamba wochokera kunja amene inamutenga chaka chimenecho anali Sachin Tendulkar wa ku India. Lamulo lakale lija likanakhalapobe, Sunak sakanaloledwa kuisewerera timuyo, osati chifukwa cha makolo ake, koma chifukwa Southampton ili ku Hampshire, kummwera kwenikweni.